Ziphapha za mapikapu zikuuka kwa akufa ku Tete

TETE — Munthu akatsika basi mumzinda wa Tete m'mwezi wa Okutobala, woyamba kumulonjera ndi dzuwa. Pofika 9 koloko m'mawa chitsulo chimene chagona pabwalo chimakhala chitayamba kale kuotcha m'manja, ndipo masana kutentha kumapitirira madigiri 40. N'chifukwa chake amakaniko amalawirira ntchito kusanache bwino, kuti dzuwa likamafika paliwombo akhale atabisala pamthunzi.

Dera la Josina Machel lili pakati pa mzindawu, kutsidya la kumwera kwa mtsinje wa Zambezi. Linatchedwa dzinali pokumbukira mayi womenyera ufulu amene anamwalira ku Dar es Salaam pa 7 Epulo 1971 ali ndi zaka 25 zokha. Kunoko, monganso m'madera ena a mzindawu, munthu akasuzumira kuseri kwa mipanda atha kuona pikapu yakale itakhala pamiyala, matayala kulibe, magalasi anasweka kalekale, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala.

Kwa munthu wongodutsa, chimenecho ndi chiphapha choyenera kugulitsidwa kwa ogula zitsulo pasikelo. Koma kwa makaniko wodziwa ntchito, galimoto sinafe ngati msana wake uli wolimba. Amaivula yonse, kuipala dzimbiri, kuiika injini yochokera m'galimoto ina, ndipo patapita miyezi imatuluka pachipata ikubangula, n'kuyamba kunyamula mbatata ya kachewere, mbuzi, makala ndi anthu.

Nkhaniyi ikukhudza anthu a m'midzi ya m'malire kuposa wina aliyense, pakuti ndiwo amene amagula galimoto zoterezi akagulitsa fodya kapena mbatata, ndipo ndiwonso amene amakwera kumbuyo kwake tsiku la msika.

Dzina lochokera kutali

Ntchito yoika injini yamphamvu m'galimoto yakale ili ndi dzina ku America. Amati hot rod. Chiyambi chake chinali umphawi. M'zaka za m'ma 1930, ntchito zitasowa m'dzikomo, anyamata a kumwera kwa California sankatha kugula galimoto zatsopano. Ankatola galimoto zakale za Ford, n'kuchotsa madigadi, denga ndi china chilichonse cholemera, n'kukonza injini kuti izikoka kwambiri. Akatero ankapita kukapikisana panyanja zouma za m'chipululu cha Mojave, monga Muroc ndi El Mirage, pomwe pansi m'posalala ngati bwalo lozira.

Mu 1932 kampani ya Ford inatulutsa injini ya V8 yotsika mtengo, ya masilinda 8 ndi mphamvu ya mahatchi 65. Injini imeneyi ndiyo inakhala mtima wa masewerowa kwa zaka zambiri. Mu 1937 timagulu ta anyamatawo tinagwirizana n'kupanga bungwe la Southern California Timing Association loti liziyeza liwiro ndi kuika malamulo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, asilikali amene anaphunzira umakaniko kunkhondoko anabwerera kwawo n'kuikuza ntchitoyi.

Mu 1948 Robert Petersen anayambitsa magazini yotchedwa Hot Rod. Koma mipikisano ya m'misewu ya anthu onse inkadzetsa ngozi, ndipo apolisi ndi makolo ankadana nayo. Choncho mu 1951 Wally Parks anakhazikitsa bungwe la National Hot Rod Association ndi cholinga chochotsa mipikisanoyo m'misewu kupita nayo pamalo otchingidwa. Mu 1955 kampani ya Chevrolet inatulutsa V8 yake yaing'ono, imene anthu anayamba kuiika pafupifupi m'galimoto iliyonse.

Mapikapu a m'mafamu, monga Ford F-1 ya 1948 ndi F-100 ya 1953, nawonso analowa m'gululi. Eni ake amawatsitsa kuti ayandikire pansi, kuwapaka penti yowala, n'kumapita nawo ku zionetsero. Kumbuyo kwake sikukwera ngakhale thumba limodzi la chimanga.

Apa ndi pamene pagona kusiyana. Ku America ntchitoyi ndi yosangalatsa munthu wokhuta. Ku Tete nzeru yake ndi yomweyo, yophatikiza thupi la galimoto ina ndi mtima wa inzake, koma inabadwa chifukwa cha kusowa, ndipo galimoto ikatuluka imapita kukasaka chakudya cha ana.

Nkhondo inaphunzitsa anthu umisiri

Dziko la Mozambique litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, Apwitikizi ambiri anabwerera kwawo, ndipo pakati pawo panali eni magalaja ndi amisiri a galimoto. Galimoto zambiri zinatsala, koma masipeya anayamba kusowa. Kunabwera malole a IFA ochokera ku East Germany ndi galimoto zina za kumaiko a chikomyunizimu, zomwe zida zake sizinkagwirizana ndi za galimoto zakale zija.

Kenaka kunabuka nkhondo ya pachiweniweni ya Frelimo ndi Renamo. Njanji za ku Beira ndi Nacala zitatsekeka m'zaka za m'ma 1980, msewu wochokera ku Nyamapanda m'malire a Zimbabwe, kudutsa pamlatho wa Samora Machel mumzinda wa Tete mpaka ku Zobue, unasanduka mtsempha wa katundu wa dziko la Malawi. Malole ankayenda pamdipiti moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ndipo m'mbali mwa msewu munkagona ziphapha za galimoto zotenthedwa. Akuluakulu a ku Mwanza ndi Moatize akuzikumbuka bwino.

M'nyengo ngati imeneyo makaniko sakanadikira sipeya yochokera kusitolo. Ankasula gasiketi ndi katoni, kudula labala wa tayala kuti akhale bushi, ndi kuzula injini m'galimoto yakufa n'kuikakamiza kulowa m'galimoto ya mtundu wina. M'Chipwitikizi ntchito imeneyi amaitcha adaptar, kutanthauza kusintha chinthu kuti chikwane pamene sichinapangidwire.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 pakati pa Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama. Anthu opitirira miliyoni imodzi amene anathawira ku Malawi, ena m'misasa ngati Chifunga ndi Luwani, pamodzi ndi anzawo a ku Ukwimi m'dziko la Zambia, anayamba kubwerera ku Angónia, Tsangano, Moatize, Macanga ndi Mutarara. Anali ndi malata, mbuzi, njinga ndi mbewu zofunika kunyamula, koma misewu inali yokumbika ndipo mabasi anali owerengeka. Chilichonse chokhala ndi matayala anayi chinasanduka chuma. Ku Malawi galimoto zonyamula anthu chotere amati matola, ku Mozambique amati chapa, dzina lochokera ku mtengo wakale wa mametikali 100 umene anthu ankalipira paulendo.

Zinthu zinasinthanso migodi ya malasha ya ku Moatize itatsegulidwa. Kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kukumba mu 2011, ndipo inagulitsa mgodiwo kwa kampani ya Vulcan mu 2022. Misewu ya Tete inadzaza ndi mapikapu atsopano oyera mbee okhala ndi timbendera. Mu 2014 kunatsegulidwa mlatho wachiwiri wa Kassuende kuti malole olemera asamadutse pakati pa mzinda. Komabe mlimi wa ku Tsangano sangaufikire mtengo wa pikapu yatsopano. Iye maso ake akadali pa chiphapha chija.

Galimoto zokana kufa

Si galimoto iliyonse imene ingadzutsidwe. Zimene amisiri amazifuna ndi zija zokhala ndi chasisi cholimba, zopanda makompyuta, zoti munthu atha kuzimasula ndi sipanala zisanu.

Yoyamba ndi Peugeot 404 ya ku France, imene inayamba kupangidwa mu 1960. Mbiri yake mu Africa inakula pamene inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, m'misewu yamatope ndi fumbi. Ku France anasiya kalekale kuipanga, koma ku Kenya pikapu yake inapitirira kulumikizidwa mpaka 1991. Injini ya petulo ya pikapuyi ndi ya malita 1.6, ndipo mphamvu yake siipitirira mahatchi 80. Inapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, amene ndi matumba 20 a makilogalamu 50.

Yachiwiri ndi kapikapu ka Datsun 1200, kamene pambuyo pake kanadzatchedwa Nissan 1400. Ku South Africa kanapangidwa kuyambira 1971 mpaka 2008, ndipo anthu a kumeneko anakapatsa dzina loti kanniedood, kutanthauza kuti sikafa. Katundu wake ndi theka la tani kapena kupitirirapo pang'ono. Ambiri obwera kuchokera ku Joni ankafika nako kumudzi katasenza mpaka kumwamba.

Palinso Land Rover yakale, imene thupi lake ndi la aluminiyamu ndipo silichita dzimbiri. Koma apa ambiri amapusitsika, pakuti chasisi chake ndi chachitsulo ndipo chimadyeka pansi thupi likuoneka labwino. Zina ndi Toyota Stout, Toyota Hilux imene inayamba mu 1968, ndi Ford Cortina ya bokosi kumbuyo yopangidwa ku South Africa, yomwe ina inkabwera ndi injini ya V6 ya malita 3.

Mzinda wa Tete uli ndi mwayi umodzi. Mvula ndi yochepa ndipo uli kutali ndi mchere wa kunyanja yaikulu, choncho chitsulo sichiola msanga ngati ku Beira. Dzuwa limapsereza penti, labala ndi mipando, koma mafupa a galimoto limawasiya.

Ntchito imayambira pansi

Mmisiri wabwino sayamba ndi injini. Amayamba wachotsa bokosi la kumbuyo ndi kanyumba ka dalaivala kuti chasisi chikhale pambalambanda. Akatero amachigogoda ndi hamala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chodyeka chimalira mogontha ndipo chimagwetsa makoko a dzimbiri. Amayezanso ndi chingwe mopingasa, kuchokera ngodya yakutsogolo kumanja kufika yakumbuyo kumanzere, kenaka mbali inayo. Miyezo iwiriyi ikasiyana, ndiye kuti galimotoyo inachitapo ngozi ndipo chasisi chinapindika. Galimoto yotero imayenda chammbali ngati nkhanu ndipo imadya matayala.

Pamene chasisi chang'aluka, makamaka pogwirira masipulingi, sipofunika kungodontheza moto pamng'alupo. Kutentha kwa wowotcherera kumafooketsa chitsulo cha m'mbali, ndipo mawa chimathyoka pafupi pomwepo. Pamafunika kuika chigamba cha chitsulo chochindikala chopitirira mng'aluwo mbali zonse.

Chachiwiri ndi miyendo: masipulingi, mashoko, mabushi ndi zolumikizira chiwongolero. Eni matola amakonda kuwonjezera masamba a sipulingi kuti galimoto isamagwade ikasenza. Zoona, siigwada, koma ekiselo, mabeling'i, matayala ndi mabuleki zimakhala zomwe zija. Kulemera kumene sipulingi yabisa kumakathera pa zinthu zimenezi.

Mawaya a magetsi a galimoto ya zaka 40 amakhala atauma ndipo makoswe anawadya. Ambiri amangolumikiza ndi pulasitiki ya shuga, n'kuika waya wa kopa m'malo mwa fyuzi. Galimoto zambiri zodzutsidwa zimapsa chifukwa cha chinthu chaching'ono chimenechi. Mawaya atsopano ndi otsika mtengo poyerekeza ndi galimoto yonse.

Kusankha mtima

Injini zambiri zogwiritsidwapo kale ntchito zimachokera ku Japan, kumene malamulo oyeza galimoto ndi okhwima ndipo kusunga galimoto yokalamba kumadya ndalama. Zimatsikira kumadoko monga Durban, n'kumwazikira m'maiko a kuno kumwera. Zina zimazulidwa m'galimoto zochita ngozi.

Munthu wofuna galimoto yantchito kawirikawiri amasankha dizilo, monga Toyota 2L ya malita 2.4, Toyota 3L ya malita 2.8, kapena Nissan TD27 ya malita 2.7. Injini zimenezi zilibe kompyuta, zimakoka bwino pachitunda, ndipo masipeya ake amapezeka chifukwa zili m'maminibasi ndi m'mapikapu ambiri.

Wofuna mkokomo ndi liwiro, amene ali pafupi kwenikweni ndi anyamata a ku California aja, maso ake amakhala pa V8 ya Lexus yotchedwa 1UZ, imene inatuluka mu 1989. Ndi ya malita 4 ndipo mphamvu yake ndi pafupifupi mahatchi 250. Ku South Africa injini imeneyi ndi yotchuka poika m'ma Hilux ndi m'galimoto zina zakale. Koma imafuna kompyuta ndi mmisiri wa mawaya, imamwa petulo ngati ng'ombe yochokera kudambo louma, ndipo mphamvu yake ndi yoposa katatu ya injini ya Peugeot 404. Thupi la nkhalamba likalandira mtima wa mnyamata, mawondo ndiwo amayamba kudandaula.

Injini ikasankhidwa, mavuto amayamba kutuluka limodzilimodzi. Mipando yake siigwirizana ndi chasisi, choncho amasula ina. Ndi bwino kutenga injini pamodzi ndi giyabokosi yake, chifukwa kukwatitsa injini ya mtundu wina ndi giyabokosi ya mtundu wina kumafuna mbale yosemedwa pamakina mosaphonya. Chitsulo chozungulira chopititsa mphamvu kumatayala akumbuyo, chimene amakaniko amachitcha propshaft, chimayenera kudulidwa kapena kutalikitsidwa. Chikawotchereredwa mokhota ngakhale pang'ono, galimoto imanjenjemera ikathamanga, ndipo tsiku lina chimathothoka n'kuzika pansi galimoto ili paliwiro.

Difu nayo ili ndi mawu ake. Injini ya dizilo siizungulira mofulumira ngati ya petulo. Ikaikidwa pa difu ya galimoto ya petulo, imalira kwambiri koma liwiro n'kukhala lochepa, ndipo mafuta amatha msanga. V8 ikaikidwa pa difu yaing'ono, mano a difuyo amathyoka. Dizilo ndi yolemeranso kuposa injini yakale ya petulo, choncho kutsogolo kumagwada ndipo chiwongolero chimauma. Imafunanso batire lalikulu ndi paipi yobwezera mafuta kuthanki.

Ku Tete, rediyeta ndi nkhani ya moyo wa injini. Injini yaikulu imatulutsa kutentha kwambiri, ndipo rediyeta yakale siingakwanitse. Madzi amawira pa madigiri 100, koma chivindikiro chabwino cha rediyeta chimawapanikiza kuti apirire kupitirira pamenepo. Amene amatseka rediyeta ndi chisanza kapena chitsononkho amakaima pachitunda choyamba popita ku Zobue, nthunzi ili tolotolo.

Kuthamanga sikufika

Pa zonse zimene zatchulidwazi, chimene chimapha anthu ndi mabuleki. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Ya makilomita 100 pa ola imadutsa mamita 28. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imafuna kuti iime mabuleki atagwira umawirikiza kanayi, osati kawiri. Katundu akachuluka, mabuleki amalemedwanso koposa.

Mapikapu ambiri akale ali ndi mabuleki a madiramu, ndipo ena akale kwambiri ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a buleki. Paipi imodzi ikaphulika, matayala onse anayi amasiya kugwira nthawi imodzi. Galimoto za pambuyo pake zili ndi njira ziwiri, kuti ina ikafa inzake ipulumutse anthu. Mmisiri woganiza bwino akaika injini yamphamvu amasinthanso zimenezi, n'kuika mabuleki a madisiki kutsogolo.

Pali msampha wina umene ogula ambiri saudziwa. Galimoto zambiri zili ndi chiwiya chonga mphika kuseri kwa pedulo ya buleki, chotchedwa busita, chimene chimathandiza mwendo wa dalaivala. Pa injini ya petulo busita imapeza mphamvu yake kuchokera ku mpweya umene injiniyo imayamwa. Injini ya dizilo siiyamwa motero, choncho imafuna kapampu kapadera, kamene pa injini zambiri zakale kamakhala kuseri kwa alternator. Wina akachotsa injini ya petulo n'kuika ya dizilo koma osalumikiza kapampuka, pedulo imauma ngati mwala. Pabwalo la galaja, galimoto ili yopanda katundu, imaima ndithu. Vuto limadzaonekera potsetsereka, kumbuyo kuli matumba 30 ndi anthu pamwamba pake.

Ndipo njira za kuno n'zotsetsereka. Mapiri a Angónia ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yaikulu, pamene mzinda wa Tete uli pansi pa mamita 200. Galimoto yochokera ku Ulongue kapena ku Zobue itasenza mbatata imakhala ikutsika mtunda wautali. Dalaivala akamangoponda buleki osasiya, madiramu amatentha n'kuleka kugwira, ndipo mafuta a buleki akale, amene amakhala atayamwa chinyezi, amawira. Woipitsitsa ndi uja amachotsa giya kapena kuzimitsa injini potsika pofuna kupulumutsa mafuta. Injini ikazima, busita imafa. Lamulo la madalaivala akale n'losavuta: giya imene wakwerera phiri ndi yomweyo utsikire.

Mapepala ndi theka la galimoto

Galimoto iliyonse ili ndi nambala ya chasisi, ndipo injini ili ndi nambala yakeyake. Ku Mozambique mbiri ya galimoto imalembedwa m'kabuku kotchedwa livrete, ndipo ofesi yoona zimenezi ndi INATRO. Ku Malawi kabukuka anthu amakatcha bulubuku ndipo kamachokera ku Road Traffic, pomwe ku Zambia ndi ku RTSA. Munthu akasintha injini, mtundu wa mafuta kapena penti ya galimoto, ayenera kukadziwitsa ofesi zimenezi kuti zolembedwa zigwirizane ndi zimene zili pagalimoto.

Ambiri amanyozera zimenezi poopa ndalama ndi mizere. Koma pachipata cha Zobue, Calomue, Biriwiri kapena Cassacatiza, ngakhalenso pa lodibuloko, wapolisi akatsegula boneti n'kupeza kuti kabuku kakuti petulo koma galimoto ikununkha dizilo, ulendo umathera pomwepo. Apolisi a maiko a kumwera kwa Africa amagwirira ntchito limodzi polimbana ndi kuba galimoto kudzera m'bungwe lawo la SARPCCO, lomwe linakhazikitsidwa mu 1995. Injini yopanda lisiti, kapena imene nambala yake inapalidwa ndi tupa, itha kumangitsa munthu wosalakwa amene anangoigula. Pakachitika ngozi, a inshulansi nawonso amayamba ayang'ana ngati galimotoyo ikufanana ndi imene ili m'mapepala.

Chikomekome cha nkuyu

Mlimi amene wasunga ndalama za fodya zaka zitatu n'kutsikira ku Tete kukagula pikapu ali ndi zambiri zoti ataye. Penti yatsopano ndi nyimbo za muwailesi ya galimoto zisamutenge mtima, pakuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Ndi bwino kupita ndi makaniko wakewake, osati amene wamuloza wogulitsa.

Ayambe wagwada n'kuyang'ana pansi, kufunafuna zigamba ndi ming'alu pachasisi. Atenge maginito n'kuyendetsa pathupi la galimoto. Pamene maginito akukana kumata pali phala limene owongola galimoto amabisira dzimbiri, kupatula pa Land Rover imene thupi lake silikoka maginito. Afike m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa injini yotha imavuta kudzuka ili yozizira. Utsi wobiriwira ngati thambo umasonyeza kuti ikudya oilo. Oilo wooneka ngati tiyi wamkaka amasonyeza kuti madzi akulowa m'injini.

Busita ili ndi kayezedwe kake. Injini ili chizimire, aponde buleki kangapo mpaka pedulo iume, apitirize kuponda, kenaka alize injini. Busita ikakhala yamoyo, pedulo imatsika pang'ono yokha. Ikapanda kutsika, pali vuto. Pamatayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa: 2315 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2015. Tayala lokalamba limaphulika pa phula lotentha ngakhale mapanga ake akuoneka.

Ayeserenso galimotoyo itasenza, pachitunda ndi potsetsereka, osati pabwalo pokha. Pomaliza awerenge yekha nambala ya chasisi ndi ya injini, chilembo ndi chilembo, n'kufananiza ndi kabuku. Dzina la m'kabuku likhale la amene akugulitsayo, ndipo mgwirizano ulembedwe pamaso pa mboni. Safunsa anadya phula.

Okwera nawonso ali ndi mbali yawo. Mayi wopita ku Lizulu kapena ku Tsangano ndi dengu la tomato ali ndi ufulu wokana kukwera galimoto imene wothandiza dalaivala amadumpha ndi mwala kukatsekera tayala ikaima. Kumbuyo kwa pikapu kulibe lamba kapena denga, ndipo galimoto ikagubuduzika okhala pamwamba pa matumba ndiwo amayamba kuponyedwa. Dalaivala akayamba kuonetsa mphamvu ya injini yake yatsopano, akulu amene ali m'galimotomo asachite manyazi kumuuza kuti mwanawe, tsitsa mwendo.

Luso losafunika kunyozedwa

Zonsezi sizikutanthauza kuti ntchito yodzutsa ziphapha ndi yoipa. Pikapu imodzi yokonzedwa bwino imatulutsa mbewu za mudzi wonse kupita kumsika, imatengera mayi wapakati kuchipatala usiku, ndipo imanyamula maliro kupita kumudzi. Imadyetsa wowotcherera, wosoka mipando, wa mawaya, wopaka penti ndi anyamata ophunzira ntchito. Chitsulo chimene chikanagulitsidwa pasikelo chimagwiranso ntchito zaka zina khumi.

Anyamata a ku California anaphunzira atataya anzawo kuti injini yamphamvu imafuna malamulo, ndipo n'chifukwa chake anapanga mabungwe oyeza galimoto isanaloledwe kuthamanga. Amisiri a m'mphepete mwa Zambezi anaphunzira luso lawo m'masiku ovuta kuposa amenewo, opanda buku kapena sitolo ya masipeya. Chotsala n'chakuti mwini galimoto asamathere ndalama zonse pa injini ndi penti n'kusiya mabuleki kuti adzaona mawa.

Tsiku limene injini yatsopano ilira koyamba m'chiphapha, ana a m'dera lonse amathamangira kumpanda, ndipo mmisiri amapukuta manja akumwetulira. Koma akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri siichedwa kung'ambika. Ubwino wa ntchito yake sudziwika tsiku limenelo. Umadzadziwika mwezi wa mawa potsika kuchokera ku Zobue, galimoto itasenza, mbuzi itadumphira mumsewu, dalaivala n'kuponda buleki.